ZA KUTSANZIRA ENI ACE A CINGEREZI

Kwa Mafumu, Nduna ndi ziwalo zonse za Msonkhano wathu, ku Mchesi, Kawale, Biwi ndi Chinsapo.



Ndipempha kuti mundilole kuika pamaso panu nkhani imodzi, kuti muyambe kuisinkhasinkha tisanakhale pansi pa msonkhano ulinkudzawu. Nkhaniyo ndi ya ana athu ndi Cingerezi cao.

Alipo anyamata ndi asungwana ambiri muno amene anatsiriza Folomu 4, nakhoza Cingerezi pa pepala. Pakuti kalata ya mayeso a MSCE sapatsa munthu wolephera phunziro limeneli. Koma akaitanidwa ku City Centre kapena ku Kanengo kukafunsidwa za nchito, lilime liuma, mau athawa, ndipo abwerera cimanjamanja. Ndiponso Malamulo Akuru a dziko lino, pa ndime 51, anena kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Cingerezi. Cotero khomo ili litsekera anthu njira zambiri.

Gwero la bvutoli si ulesi wa ana ai. Kuyambira 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana anacuruka koposa, kufikira kuti m'zipinda zina mphunzitsi mmodzi aima pamaso pa ana oposa 100. Lamulo la Maphunziro la 2013 linati ana aphunzitsidwe m'Cingerezi. Koma m'cipinda cotere mwana angathe kutha sabata yonse osatsegula pakamwa pace yekha. Cingerezi cace cinalowera m'maso, sicinalowera m'khutu.

Maganizo anga ndi awa: mankhwala ace ndiwo kumvera eni ace a cinenero ndi kuwatsanzira, tsiku ndi tsiku, mopanda manyazi. Taonani amisiri a matabwa muno m'Mchesi. Kodi alipo mmodzi amene anaphunzira kupala thabwa powerenga buku? Iai, mnyamata aima pambali pa mmisiri, napenya magwiridwe ace a macheka ndi nyundo, nayesa, nalakwa, nayesanso, kufikira dzanja lizolowera. Lilime nalonso ndi dzanja, liphunzira pakucita.

Ndipo tidziwe popunthwa pathu. Cicewa ciri ndi mau otsegula pakamwa 5 okha, ndiwo a, e, i, o, u; Cingerezi ciri nao oposa 10. Cifukwa cace khutu lathu limva "ship" ndi "sheep" monga liu limodzi, pamene lina ndi ngalawa, lina ndi nkhosa. Kwa ife l ndi r ndi abale a mimba imodzi. Kwa Mngerezi "light" ndi kuwala, "right" ndi dzanja lamanja. Mau athu onse atsiriza motsegula, ndico cifukwa tinena buku, supuni, sitolo. Ndipo polankhula Cingerezi tionjezera i kapena u pamene palibe. Ife titalikitsa liu pafupi ndi mapeto ace. Iwo akankha mphamvu pa cigawo cimodzi, nameza zinazo. Zinthu izi bolodi la m'sukulu silingathe kuzinena, zifuna khutu.

Macitidwe ace sabvuta. Munthu asankhe mau a mphindi imodzi yokha, kapena nkhani za BBC pa wailesi, kapena wolankhula womveka bwino pa YouTube. Amvere katatu ali cete. Pamenepo alankhule pamodzi naye, kumtsata pambuyo monga mthunzi, kukweza pamene akweza, kupuma pamene apuma. Atatero ajambule mau ace pa lamya ya m'manja, nadzimvere yekha, nalinganize. Asacoke pa mau amenewo kufikira atuluka osakakamiza. Mphindi 15 tsiku liri lonse ziposa maora 3 a Loweruka lokha. M'caka ca 1981 Dr. Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, naitana aphunzitsi a ku Britain, ndipo ana owerengeka okha ndiwo anawamva. Lero mau a eni ace ali m'thumba la mnyamata wogulitsa malonda pa msika wa Mchesi.

Koma tsono, Mafumu, pali cenjezo limene sindingathe kulibisa. Tikati eni ace, tinena ayani? Wa ku London salankhula monga wa ku Glasgow, ndi wa ku New York salankhula monga onse awiriwa. Makolo athu a ku Livingstonia ndi Blantyre anamva Cingerezi kwa anthu a ku Scotland. A ku Mvera ndi Nkhoma anacimva kwa amishoni a ku South Africa, amene ambiri a iwo cinenero ca kwao cinali Cibunu. Komabe Levi Mumba, amene anali mwa oyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, anafikitsa madandaulo a anthu ku Boma ku Zomba m'Cingerezi. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la anchito la ICU ku Cape Town mu 1919, nasonkhanitsa anthu zikwizikwi ndi Cingerezi comweco. Amuna awa anamveka cifukwa anali ndi conena, nacinena momveka.

Lero olankhula Cingerezi amene sanabadwe naco aposa eni ace kutalitali. Mwana wathu adzacita malonda ndi Mmwenye, Mchaina, ndi munthu wa ku Kenya kapena Nigeria. Mphunzitsi wina wa ku England, Jennifer Jenkins, analemba buku mu 2000 loonetsa kuti pakati pa anthu otere kulephera "th" sikusokoneza kwambiri. Cosokoneza ndico kusakaniza zilembo zina, kufupikitsa mau oyenera kutalika, ndi kuika mphamvu polakwika. Cotero titsanzire kuti timveke, si kuti tisanduke Azungu. Tonse tawamva anyamata opotoza mphuno monga a m'kanema, koma ukawafunsa funso limodzi palibe cotuluka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena mwa inu adzati, Kodi sitidzapha Cicewa potero? Ndiyankha kuti cinenero sicifa cifukwa mwana wadziwa ciwiri; cifa pamene makolo acita naco manyazi, ndi pamene mwana alangidwa ku sukulu cifukwa ca kulankhula mau a amace. Ici ndico tiyenera kukana.

Cifukwa cace ndipempha Msonkhano uweruze mfundo izi:

1. Kuti Mafumu apemphe macalici, mizikiti ndi sukulu za muno cipinda cimodzi madzulo awiri pa sabata, ca kumveramo ndi kuyesamo kulankhula.

2. Kuti ziwalo zisonkhe kangacepe kogulira wailesi kapena cokuzira mau, ndi kuti aphunzitsi opuma nchito apemphedwe kutsogolera.

3. Kuti m'cipindamo munthu asaseke mnzace wolakwa. Pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo kuseka kwathu kwatseka pakamwa pa ana ambiri.

4. Kuti asungwana alandire malo olingana ndi a anyamata, ndi nthawi ikhale yakuti abwerere kusanade.

5. Kuti tilembere akuru a sukulu kuwapempha aleke kulanga ana cifukwa ca Cicewa.

Mutu umodzi susenza denga. Ngati ndalakwa pena, mudzandikonze pabwalo. Koma nkhaniyi tisaisiye pansi.

Ine mtumiki wanu,

Mlembi wa Msonkhano,
Mchesi, Lilongwe.