Sitima yatha ndi dzimbiri, amtengatenga aiwalika

Novembala akafika timavala maluwa ofiira pachifuwa, asilikali amaguba pachipilala cha ku Zomba, lipenga limalira, kenako aliyense amabwerera kwawo. Koma ine mtima wanga umathamangira ku Monkey Bay, kumene sitima ya Chauncy Maples yakhala ikudyedwa ndi dzimbiri.

Sitimayi anaipanga ku Glasgow n'kuibweretsa kuno m'zidutswa zoposa 3,000. Boila yake, yolemera matani 11, anachita kuikoka pamtunda Angoni mazanamazana polambalala mathithi a Shire. Inayamba kuyenda mu 1901 ngati sitima ya mishoni ya Anglican, ndipo dzina lake ndi la bishopu amene anamira m'nyanja ya Malawi mu 1895. Ntchito yake inali kunyamula ansembe, aphunzitsi ndi odwala. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu 1914, boma la atsamunda linaitenga kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo.

Ambiri sadziwa kuti nyanja yathu inamva mfuti m'masiku oyambirira enieni a nkhondoyo. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko limene lero timati Liuli, ku Tanzania. Mfuti ya Guendolen ikadalipo pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi. Pa 9 Seputembala magazi anakhetsedwa ku Karonga.

Mayina a akaputeni ali m'mabuku. Nanga a makolo athu ali kuti? Iwo ankaitcha nkhondo ya chiwaya. Kupatula asilikali a Keyala, anthu pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchito ya mtengatenga, ambiri mochita kugwidwa m'midzi. Sitima ikatsitsa katundu padoko, wotsala anali mutu wa munthu. Ankasenza ufa ndi zipolopolo mtunda wautali, mvula ili pamsana, chakudya chochepa, ndipo ambiri anafa ndi kamwazi ndi chibayo, n'kuikidwa m'tchire popanda chizindikiro. John Chilembwe anadandaula za imfa za anthu akuda pankhondoyi m'kalata yake ku Nyasaland Times mu 1914. Ichi ndicho chimandiwawa: anthu amene anasenza nkhondo pamutu alibe ngakhale mwala wolembedwa m'midzi yawo.

Panali ganizo losandutsa Chauncy Maples kukhala chipatala choyenda panyanja, koma ntchitoyo inaima panjira. Ngati singayendenso, bwanji osaiika pamtunda, kuipaka utoto, n'kuisandutsa malo okumbukirapo amtengatenga? Ana a sukulu angamakweremo n'kuona okha mmene agogo awo anayendera popita ku Karonga.

Inu a boma oyang'anira zinthu zakale, ndi inu akuluakulu a asilikali, pitani ku Monkey Bay mukaione sitimayi isanatheretu. Ndipo inu owerenga, ngati kwanu kuli gogo amene amakumbukira dzina la kholo limene linapita ku mtengatenga, m'funseni sabata ino ndipo mulilembe.