Wosala kudya ndi wogona ndi njala si amodzi

Pali nkhani imene ikusangalatsa madokotala a maopaleshoni ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo ine ndikuopa tsiku limene idzafike m'makutu mwa ogawa ndalama ku Capital Hill. Akuti munthu angathe kuchitidwa opaleshoni ya m'chifuwa osamulowetsa chubu pakholingo, osamulumikiza ku makina opumitsa. Si bodza ayi. Mu 2004 Eugenio Pompeo ndi anzake ku Rome adachotsa tizotupa ta m'mapapo odwala ali maso, atangowabaya mankhwala a dzanzi kumsana. Pofika 2011 gulu la Jin-Shing Chen ku Taipei linali likuchotsa chigawo chathunthu cha papo la khansa wodwala akupuma yekha. Ambiri amatsitsimuka msanga, pakhosi sipapweteka, sagonanso masiku ambiri m'chipatala.

Bwana wina akadzamva zimenezi adzaomba m'manja: taonani, ngakhale azungu aisiya chubu, nanga zipatala za m'maboma zikulirira zipangizo zanji? Bodza limenelo tiliphe lisanabadwe.

Chifuwa chikangotsegulidwa, mpweya wakunja umalowa ndipo papo la mbali imeneyo limafwamphuka. Wodwala, atagona cham'mbali, amatsala ndi papo limodzi. Mpweya woipa umayamba kuchuluka m'magazi. Akatsokomola mpeni uli pafupi ndi mtsempha waukulu, magazi amatha kudzaza chifuwa m'kanthawi kochepa. Zikatero wogonetsa ayenera kulowetsa chubu pomwepo, munthu ali chigonere cham'mbali, bala lili chitsegukire, ndipo imeneyi ndi ntchito yovuta zedi. N'chifukwa chake ku Rome ndi ku Taipei odwala amachita kuwasankha, wogonetsa amakhala katswiri weniweni, ndipo chubu ya njira ziwiri, imene Eric Carlens adapanga mu 1949, imakhala pathebulo pambali pake. Iwo chubu ali nayo, angosankha kusaigwiritsa ntchito. Ife kuno ku Mangochi kusiyana kwake tikukudziwa: wosala pa Ramadani amadziwa kuti dzuwa likalowa chakudya chikumudikira, pamene wogona ndi njala alibe chimene akudikira.

Zifuwa zathu nazo n'zosiyana ndi za ku Taipei. Kuno ndi mwana wa ku Makanjira amene chibayo chamusiyira mafinya pakati pa papo ndi nthiti. Ndi msodzi wa ku Chembe amene chifuwa chachikulu chamudzaza madzi. Ndi wakabaza amene wagundidwa pa msewu wa ku Liwonde, nthiti zathyoka, magazi akutsikira mkati. Thandizo lawo loyamba ndi paipi yolowetsedwa pakati pa nthiti: jakisoni wa lignocaine pakhungu, kwa mwana ketamine pang'ono, kenako botolo la madzi pansi pa bedi likubwata thovu wodwala akatsokomola. Mafinya akaumirira n'kumanga papo, paipi siithandizanso, ndiye kuti ulendo wa ku Zomba Central kapena ku Queens wayambika, ngati ambulansi ili ndi mafuta. Boma lino linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo wochokera ku Makanjira ayenera kuyenda makilomita pafupifupi 100 kuti angofika paboma.

Amene amayima kumutu kwa odwala ameneŵa kaŵirikaŵiri si dokotala wa digiri ya ugonetsi. Ndi kilinikolo ofesa wophunzira ntchito yogonetsa, ndipo ndi anthu ameneŵa amene anyamula mafiyeta a dziko lino kwa zaka zambirimbiri. Ulemu wawo tiwapatse. Koma ulemu wapakamwa sugula okosijeni. Timawatamanda kuti ndi akatswiri ogwira ntchito ndi zochepa, kwinaku tikuonetsetsa kuti zochepazo zisachuluke.

Chopweteka n'chakuti mayankho ena adabadwira konkuno. Dr Paul Fenton, amene adagwira ntchito zaka zambiri pa Queen Elizabeth Central Hospital, adapanga makina ogonetsera otchedwa Universal Anaesthesia Machine, amene amadzipangira okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda ndipo amapitiriza ntchito magetsi akathima. Palinso kachipangizo kotchedwa capnograph, kamene kamayeza mpweya umene wodwala akutulutsa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2019 adasonyeza kuti tizipangizo 40 totere titagawidwa m'zipatala za m'chigawo cha kummwera, m'miyezi isanu ndi umodzi tidagwira maulendo 44 amene chubu idasochera kulowa njira ya chakudya. Anthu amenewo akadatha kufera pathebulo, abale n'kuuzidwa kuti mtima udangoima. Ndipo kachipangizo komweka ndiko kamachenjeza wogonetsa pamene wodwala wopanda chubu wayamba kupuma mopereŵera. Amene akufuna opaleshoni yamakonoyi ayambe wagula kameneka.

Sindikukana luso latsopanoli. A sukulu ya madokotala ya KUHeS aliphunzitse, madokotala a ku Queens ndi ku Kamuzu Central aliyese kumene kuli ICU ndi magazi okwanira. Chimene ndikukana n'kuveka umphawi jekete la sayansi. Ndalama za galimoto za mabwana zimapezeka, za misonkhano ya m'mahotela a m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi sizisoŵa, koma ya capnograph timadikira mlendo wachifundo.

Inu aphungu a Mangochi ndi makhansala, pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu funsani mkulu wa zaumoyo m'bomali mafunso omveka: paboma, ku Monkey Bay ndi ku Malindi kuli ogonetsa angati, ndi mafiyeta angati amene ali ndi capnograph yogwira ntchito, nanga magetsi akathima pakati pa opaleshoni okosijeni amachokera kuti? Mayankhowo alembedwe ndipo amatidwe pakhomo la chipatala kuti eni ake odwala awaŵerenge.