Chingerezi cha ana athu chimapunthwa pamalo odziwika kale

Aliyense amene analembapo mayeso a Fomu 4 akudziwa lamulo la MANEB: satifiketi ya MSCE imafuna kuti ukhoze maphunziro 6, ndipo limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Ungakhoze bwino masamu ndi sayansi, koma ukapeza 9 pa Chingerezi, satifiketi palibe. Wofuna ku yunivesite sangadalire 7 kapena 8, ayenera kupeza 6 kapena kuposa apo. N'chifukwa chake mayeso akamayandikira ana a ku Bolero, Mhuju ndi Katowo amagona ndi timabuku ta mafunso akale, n'kumachonga A, B, C kapena D mpaka tochi itazilala.

Khama limenelo sindikulinyoza. Chimene ndikukayikira ndi njira yake.

Mwana wa ku Rumphi amakula ndi Chitumbuka. Akafika kusukulu amakumana ndi Chichewa, kenako Chingerezi, ndiye kuti chiyankhulo chimene chimatsegula kapena kutseka tsogolo lake ndi chachitatu. Zolakwika zake sizingochokera m'mwamba ayi, zimachokera m'ziyankhulo ziwiri zimene ali nazo kale m'mutu, ndipo mphunzitsi watcheru angathe kuzilosera mwanayo asanatsegule n'kope lomwe.

Taonani mlowam'malo. Ife timati "iye", Mtumbuka amati "iyo", ndipo mawuwo sasankha mwamuna kapena mkazi. Choncho mwana amalemba za mayi ake kuti "he is a farmer" mtima uli m'malo. Mufunseni pa pepala la mafunso osankha, adzachonga "she" mosavuta, chifukwa lamulo akulidziwa. Koma mum'patse chimangirizo cha tsamba lathunthu, podzafika ndime yachitatu mayi aja asanduka bambo. Kudziwa lamulo ndi kuzolowera lamulo ndi zinthu ziwiri, ndipo timabuku tochonga tija timangoyesa choyambacho.

Chimodzimodzi mneni wathu "kumva", kapena "kupulika" m'Chitumbuka. Timamva mawu, timamva fungo, timamva njala, timamva masamu. Mngerezi ali ndi mneni wosiyana pa chilichonse mwa zimenezi, ndiye mwana akalemba kuti "I heard the smell of fish" sikuti ndi mbuli, wangomasulira mokhulupirika. "Ndibwereke cholembera" amabala "borrow me a pen". "Ndikubwera" wa munthu amene akutuluka pakhomo amabala "I am coming", mlendo n'kudabwa kuti nanga bwanji akuona msana. Funso lakuti "Sunadye?" ife timayankha kuti eya, kutanthauza kuti sindinadye, pomwe Mngerezi pamenepo amati "no". Nanga timawu "a" ndi "the"? Kwathu kulibe n'komwe, ndiye mwana amangotiwaza ngati mchere.

Vutoli si lathu lokha. Ku China mwana amayamba Chingerezi ku pulayimale, ndipo amachilemba pa mayeso a zhongkao olowera sekondale yapamwamba komanso pa gaokao, mayeso olowera ku yunivesite. Chodabwitsa n'chakuti amapunthwa pamiyala yofanana ndi yathu. Polankhula, Chitchaina chili ndi liwu limodzi, "ta", la mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo "a" ndi "the" kulibenso. Sukulu zambiri kumeneko zili ndi chizolowezi chowerenga mokweza m'mawa maphunziro asanayambe. Ena amawaseka kuti amangoloweza, ndipo n'zoona kuti kuloweza kokha sikuphunzitsa munthu kucheza. Koma chizolowezi chija ndimachisirira, chifukwa chiganizo chimene pakamwa pachibwereza kambirimbiri chimayamba kutuluka chokha, ndipo sichifuna ndalama ngakhale tambala.

Ndikanakhala mphunzitsi wa Fomu 1 pa sekondale yoyendera ku Hewe, ndikanayamba chaka polemba pabolodi zolakwika zobadwa ku Chitumbuka ndi ku Chichewa, n'kufotokoza m'Chitumbuka momwemo chifukwa chake zimachitika. Pano ndikudziwa kuti ena akwiya. M'sukulu zina kulankhula chiyankhulo cha kwanu ndi mlandu wopatsidwa chibalo. Koma mwana amene wasesa bwalo chifukwa chonena "nkhwiza" sanaphunzire chilichonse chokhudza "I will be back", wangophunzira kukhala chete. Ndipo chete sakhoza mayeso.

Kenako tsiku lililonse ziganizo zisanu zokha, zolemba yekha, zonena za zinthu zimene akuziona: fodya wa bambo ake, mtsinje wa Rukuru, basi ya ku Mzuzu. Mawu atsopano asalembedwe m'mndandanda wouma wa liwu ndi tanthauzo lake. Liwu lilowe m'kope lili ndi anzake oyenda nawo, monga "interested in" kapena "afraid of", chifukwa aperekezi amenewa ndiwo amadya mamalikisi ambiri. Mphunzitsi wa ana ochuluka sangachonge makope onse tsiku n'tsiku, zimenezo tisanamizane. Koma ana angathe kusinthana makope n'kusaka cholakwika chimodzi chokha pa sabata: sabata ino "he" ndi "she", sabata yamawa nthawi ya mneni.

Rumphi si boma lachilendo ku Chingerezi. Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, ndipo sukulu yake inatulutsa aphunzitsi ndi makalaliki amene anakagwira ntchito mpaka ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anaphunzira pomwepo. M'sukulu za mishoniyo ana ankayamba kuwerenga m'chiyankhulo cha kwawo, Chingerezi n'kubwera pambuyo.

Makolo nanunso muli ndi mbali yanu, ngakhale musanapite patali ndi sukulu. Nyuzipepala yakale imene mwakulungira usipa musaiponye pamoto msanga. Mwana akuwerengereni ndime imodzi mokweza, kenako akuuzeni m'Chitumbuka zimene yanena. Akakakamira penapake, liwu limenelo alilembe, mawa akafunse aphunzitsi.