Kemo siyamba ngati magazi ali ochepa

Mayi wa ku Chifubu akapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ulendo wake suthera pa Ndola Teaching Hospital. Kwa zaka zambiri, odwala ofunika kuwotchedwa ndi makina akhala akutumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007, mtunda wa makilomita oposa 300. Abale amasonkha ya basi, ya chakudya ndi ya womudikirira. Zonsezi zikatheka, mayiyo amatha kufika n'kumva mawu amene sanawakonzekere: "Amayi, magazi anu ndi ochepa, lero sitiyamba mankhwala."

Chifukwa chake n'chomveka. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo mankhwala a kemo pomenya khansa amafooketsanso mafutawo. Winanso amakhala atataya kale magazi kwa miyezi ndithu asanapite kuchipatala, chifukwa cha manyazi kapena poganiza kuti ndi msambo wosokonekera. Ngakhale kuwotcha kuja kumagwira bwino ntchito ngati m'thupi muli magazi okwanira kufikitsa mpweya pa chotupacho. Tsono magazi akasowa, tsiku la mankhwala limasunthidwa, pamene nthendayo ikupitirirabe.

Amene anasamalirapo wodwala wotere amadziwa kulemera kwake. Nseru, zilonda za m'kamwa, tsitsi kuthothoka, kutopa kwakuti munthu amalephera kufika pa mpopi. Ndikupempha odikirira kuti musamukakamize mbale yodzaza nsima. M'patseni phala la nsinjiro pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, ndi madzi ambiri. Thupi likatentha musadikire kuti kuche, pakuti kemo imachepetsa chitetezo ndipo kamatenda kakang'ono kamakula msanga. Musamulolenso kusiya mankhwala chifukwa wina wabwera ndi botolo la zitsamba. Nkhwani, nyemba ndi kapenta zimathandiza, inde, koma munthu amene magazi ake atsikiratu amafunika kuikidwa magazi, ndipo magaziwo alibe fakitale. Amachokera m'mkono wa munthu mnzake.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Gawo lalikulu la magazi amene bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limatolera limachokera kwa ana a sukulu za sekondale ndi a m'makoleji. Sukulu zikatsekera, nkhokwe imatsika. Magazi sasungika mpaka kalekale. Maselo ofiira amakhala milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, pamene tizigawo tothandiza magazi kuundana, tomwe odwala khansa amafuna kawirikawiri, timangokhala masiku pafupifupi 5. Ife akuluakulu, amene pa maliro timafika ndi ufa, makala ndi chopepesa osaitanidwa, tasiyira ana udindo umenewu.

Sindikunyoza mantha a anthu. Ali ndi mbiri yake. M'nthawi ya atsamunda, m'makomboni a migodi kuno ku Copperbelt munkamveka mphekesera za banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo usiku n'kuwakhetsa magazi. Ku Malawi mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Lero ena amati magazi operekedwa amapita kwa a satana. Wina amaopa kuti akapereka afooka osachiranso, wina amaopa kumva zotsatira za kuyezedwa. Mantha omalizawa ndimawamvetsa kwambiri, komabe kudziwa msanga mmene mthupi mulili kwapulumutsa ambiri.

Zimene zimachitika kwenikweni n'zochepa. Amakufunsa za umoyo wako, amakuyeza sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, ndipo ukapezeka kuti ndiwe woperewera amakubweza bwinobwino. Ukaloledwa, amatenga pafupifupi mamililita 450 ndi singano yatsopano, kwa mphindi khumi kapena kupitirirako pang'ono. Madzi a m'magazi amabwerera m'tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira m'milungu ingapo. Thumba lililonse limayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C lisanafike kwa wodwala, ndipo likagawidwa limatha kuthandiza anthu oposa mmodzi: wodwala khansa, mayi wotaya magazi pobereka, kapena mwana wa malungo pa Arthur Davison Children's Hospital.

Pa 14 June chaka chilichonse dziko lonse lapansi limathokoza opereka magazi, koma tsiku limodzi silingadzaze nkhokwe. Mwamuna wathanzi akhoza kupereka miyezi itatu iliyonse, mkazi miyezi inayi. Azibusa, atsogoleri a mabungwe a amayi, a chilimba ndi a pa msika wa Chifubu, itanani otolera magazi abwere pa tchalitchi kapena pa msika, makamaka mu April, August ndi December pamene ana ali pa tchuthi. Ndipo inu atsogoleri mukhale oyamba kupinda malaya.