Chifuwa chokana mankhwala a TB si ufiti

Kumadoko a Ndumbi ndi Mbamba Bay kwafala mawu akuti munthu akamwa mankhwala a TB miyezi 6 koma n'kumatsokomolabe, ndiye kuti adalodzedwa, chatsala n'kupita kwa sing'anga. Ife tikuti ayi. Mawu amenewa angochedwetsa odwala.

Oyankhula zimenezi ali ndi mfundo imodzi yoona: alipodi anthu amene amamaliza mankhwala osadumphitsa tsiku, chifuwa osatha. Koma zifukwa zake zilipo. Pali TB yosamva mankhwala wamba. Pali mapapo oonongeka ndi fumbi la malasha kapena utsi wowambira nsomba. Palinso nthenda imene ambiri sadaimvepo, dzina lake sarcoidosis.

Nthendayi si yachilendo kwa madokotala. Jonathan Hutchinson wa ku London adaifotokoza m'zaka za m'ma 1870, ndipo Caesar Boeck wa ku Norway adaunika timibulu take ta pakhungu mu 1899. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimalusa mopyola muyeso, n'kuumba timibulu ting'onoting'ono m'ziwalo. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 imawagwira m'chifuwa. Munthu amatsokomola chifuwa chouma, amachita befu pokwera kamtunda, amaonda, usiku thukuta kamukamu. Ena maso amafiira, ena amatuluka zotupa zopweteka m'misongolo. Pachithunzi cha X-ray imatha kufanana ndi TB, n'chifukwa chake ena amayamba apatsidwa mankhwala a TB. Mankhwalawo amapha tizilombo, pamene mu sarcoidosis mulibe kachilombo ka TB koti aphe.

Dziwaninso kuti sarcoidosis si yopatsirana. Palibe chifukwa chompatulira wodwala mbale ndi kapu yake. Ambiri imawathera yokha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amene yawakula amapatsidwa prednisolone. Koma mapiritsi amenewa musakagule nokha kusitolo. Amafooketsa chitetezo cha m'thupi, choncho ngati muli ndi TB yobisala, ikhoza kukula msanga.

Amene mwamaliza mankhwala koma chifuwa chikadalipo, bwererani kuchipatala ndi khadi lanu, kaya ku Mbamba Bay kapena ku Liuli. Pemphani akuyezeninso makhololo ndi magazi. Akapanda kupeza TB, funsani kalata yopitira kuchipatala chachikulu ku Songea, chifukwa kutsimikiza sarcoidosis kawirikawiri kumafuna kudula kachidutswa ka mnofu n'kukaunika. Inu achibale, lekani kuloza chala agogo osalakwa. Ndalama ya kwa sing'angayo mpatseni wodwala akwerere galimoto.