Manja tili nawo, mawu ndiwo tikusowa

Ndife makolo a ana osamva. Timakumana Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi china kwathu kuno, ndipo anzanga andituma ine kuti ndilembe poti ndidapondako ku sekondale. Ana athu ena adabadwa osamva. Ambiri adagontha atadwala malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, kapena khutu lotuluka mafinya lomwe tidachedwa nalo kuchipatala. Wanga wamkazi adadwala matenda oumitsa khosi ali ndi zaka ziwiri. Adachira, tidathokoza Mulungu. Patapita masabata angapo mbale yachitsulo idagwa kumbuyo kwake, iye osatembenuka n'komwe.

Kugontha kwa anawa tidakulandira. Chimene chikutiwawa n'chakuti tikufunitsitsa kuphunzira chinenero chamanja kuti tizicheza nawo, koma buku kapena kanema woti tingamukhulupirire sitikumupeza.

Kuchipatala adandiuza kuti, "Mayi, phunzirani chinenero chamanja." Nditafunsa kokaphunzira, adangoti ndifufuze pa intaneti. Ndidabwereka foni ya alamu anga, ndalama ya ndiwo ndikumagulira bandulo. Usiku ana akagona ndinkakhala pamkeka ndikutsanzira mzungu wa m'kanema: madzi, kudya, amayi, kugona, zikomo. Miyezi itatu ndidasunga zizindikiro pafupifupi makumi atatu, ndipo ndinkaziphunzitsa kwa mwana wanga ndi kwa akulu ake. Tsiku lina ndidapita kwa telala wina wosamva wa pamsika wathu, ndili ndi chimwemwe chonse, kuti ndimupatse moni m'chinenero chake. Adandiyang'ana mofatsa mpaka ndidamaliza, kenako adatenga choko chake cholembera nsalu ndikulemba pathebulo kuti: "Izi ndi za ku America." Ndidabwerera kunyumba miyendo itazizira.

Palibe adandiuzapo kuti chinenero chamanja si chimodzi padziko lonse. Anthu a ku America ndi a ku Britain onse amalankhula Chingerezi, koma osamva a m'mayiko awiriwa ali ndi zinenero zosiyana kotheratu, mpaka zilembo zenizenizi a ku Britain amazipanga ndi manja awiri pamene a ku America amagwiritsa ntchito dzanja limodzi. South Africa ili ndi chake, Zambia chake, Malawi nayonso chake. Zizindikiro zina zimafanana, ndipo kufananako ndiko kumatisokoneza, chifukwa umaganiza kuti wakhoza pomwe theka la zomwe waloweza mwana sakazipeza pakati pa anzake. Makanema ambiri a pa YouTube ndi pa TikTok sanena n'komwe kuti akuphunzitsa chinenero cha dziko liti. Ena amajambulidwa ndi anthu akumva amene nawonso angoyamba kumene kuphunzira. Kholo la kumudzi lingasiyanitse bwanji?

Tidayesanso mapepala. Mayi wina wa m'gulu lathu adapeza timasamba tingapo kwa mphunzitsi, fotokope ya fotokope inzake, zithunzi zitada bii ngati makala, timivi tosonyeza kumene dzanja likulowera titafufutika. Ngakhale chithunzi chitakhala chowala, sichiyenda. Mphunzitsi wina wopuma pantchito amene amatichezera nthawi zina adatifotokozera kuti chizindikiro chimodzi chimamangidwa ndi zinthu zingapo: mmene zala zapindikira, pamene dzanja laima, mmene likuyendera, kumene chikhatho chaloza, ndiponso nkhope. Mukasintha chimodzi mwanena china. Nsidze zokha zimatha kusandutsa chiganizo kukhala funso. Adatiuzanso kuti ku America katswiri wina, William Stokoe, adatulutsa mtanthauziramawu wosanja zizindikiro potsata kapangidwe kake mu 1965. Ife lero tikulimbanabe ndi pepala losaoneka zala.

Tidamva kuti bungwe la anthu osamva m'dziko muno, MANAD, lidasonkhanitsa zizindikiro za kuno kwathu ndikutulutsa mtanthauziramawu wa chinenero chamanja cha ku Malawi. Tidaomba m'manja, ndipo amene adagwira ntchito imeneyo tikuwathokoza ndi mtima wonse. Koma m'gulu lathu palibe ndi mmodzi yemwe amene adaligwirapo bukulo. Ndafunsa m'masitolo a mabuku a m'tauni yathu, amandiyang'ana ngati ndasochera. Ku laibulale kulibe. Ku ofesi ina adati ndibwere mawa, abwana atuluka. Nditabwerera adati ndikafunse ku ofesi ina. Kumeneko adati zimenezo ndi za aphunzitsi. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndi tsiku la kumunda lotayika.

Zochepa zimene zatifika m'manja zonse n'za m'Chingerezi. Agogo ake a mwana wanga, amene amakhala naye tsiku lonse ine ndikapita kokagulitsa tomato, sadziwa Chingerezi. Kuti apeze chizindikiro cha "mvula" ayenera kuyamba adziwa mawu a Chingerezi a mvula, ndi kalembedwe kake komwe. Ndiye kuti akuwoloka mitsinje iwiri kuti afike kwa mdzukulu amene wakhala pambali pawo. Komanso moyo wathu mulibe m'mabuku akunjawo. Mudzapezamo chipale chofewa ndi zakudya zimene sitidazionepo, koma nsima mulibe, ndiwo mulibe, chitenje, chigayo, mjigo, ganyu, kabaza, zonse mulibe. Amalume ndi abambo aang'ono, amene kwathu kuno ndi anthu osiyana udindo, Chingerezi chimawaphatikiza m'mawu amodzi. Pamaliro a agogo ake aamuna ndidasowa chomuuza mwana wanga. Adangoona anthu akulira, bokosi likutsika m'manda, ndipo kwa masabata angapo ankapita kukasuzumira m'chipinda chawo.

Palinso vuto lina limene olemba mabuku mwina saliganizira. Mwana akapita kusukulu ya ana osamva, chinenero chake chimakula msanga kuposa chathu. Akabwera patchuthi amabwera ndi zizindikiro zatsopano zambirimbiri, ndipo ife tilibe pofufuzira tanthauzo lake, chifukwa mabuku amene tawaona amayambira pa mawu olembedwa kupita ku chizindikiro, osati kuchokera ku chizindikiro kubwerera ku mawu. Mwana wanga adandibwerezera chizindikiro chimodzi masiku atatu, nkhope itakwinyika, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndamva. Tsiku lachinayi ndidamutengera kwa telala uja, ndipo m'pamene ndidadziwa kuti ankandiuza za mnzake amene amamumenya kogona. Masiku atatu mwana akudandaula kwa mayi ake, mayi akumwetulira! Mayi wina mwana wake wamkazi adatha msinkhu chaka chatha. Azakhali adasonkhana kuti amulange monga mwa mwambo, koma adangokhala chete kuyang'anana, palibe wodziwa kunena ndi manja za kusamba, za thupi, za anyamata. Timagona ndi mantha amenewa. Munthu woipa akamugwira mwana wotere, adzatiuza ndi manja ake, ife osamva. Pamenepo wogontha weniweni ndani?

Tikudziwa kuti ntchitoyi si yophweka. Ana ophunzira ku Mua ku Dedza, ku Embangweni ku Mzimba, ku Mary View ku Chiradzulu ndi ku Mountain View ku Thyolo nthawi zina chinthu chimodzi amachitchula mosiyana, monga mmene Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanirana ndi cha ku Mulanje. Buku labwino lizionetsa zonsezo ndikunena kuti ichi chimamveka kuti, m'malo motisiya tikukangana pansi pa mango kuti wolondola ndani. Tikudziwanso kumene kuchedwaku kudachokera. Msonkhano wa aphunzitsi a ana osamva umene udachitikira ku Milan mu 1880 udagamula kuti ana aziphunzira kulankhula ndi kuwerenga milomo, manja azisiyidwa, ndipo maganizo amenewo adafalikira m'sukulu za mayiko ambiri kwa zaka zochuluka. Telala wathu akuti ali mwana ankabisala kuti acheze ndi anzake ndi manja. Chinenero chimene chakulira mobisala chotere sichikanalembedwa msanga.

Koma nthawi imeneyo idapita. Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo panganolo likunena kuti boma lizithandiza kuti chinenero chamanja chiphunziridwe. Zimbabwe idachiika m'malamulo ake aakulu mu 2013 pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. South Africa idachisandutsa chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023. Kuno timaona womasulira pakona ya kanema nthawi ya nkhani, ndipo pa 23 September, tsiku la zinenero zamanja padziko lonse, timamva zolankhula zokoma. Tikabwerera kunyumba timakapeza pepala lakuda lija.

Inu akuluakulu a zamaphunziro, a zaumoyo ndi a mabungwe, sindikizani buku la MANAD lija lambiri lifike kusikelo, kumene mayi amayamba kumva kuti mwana wake sakumva, lifikenso kusukulu za pulayimale ndi kumipingo. Mawu otsogolera akhale a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Jambulani timakanema tating'ono toti tizitumizirana pa WhatsApp kapena kuika pa memori khadi osadya bandulo, ndipo oonekamo akhale Amalawi osamva eni chinenerocho, olipidwa monga aphunzitsi, ndi chidindo choti tizidziwira kuti izi n'zathu.

Pakadali pano mtanthauziramawu wathu ndi telala uja. Amatseka shopu yake Loweruka, tsiku la msika, ife ndikusonkherana ya kabaza yake. Mwezi watha kudabwera mayi watsopano, mwana wa chaka chimodzi ndi theka ali kumbuyo. Adatulutsa foni kutionetsa zizindikiro khumi zimene waloweza, ndipo tonse tidayang'ana kwa telala, kudikira kuti atiuze kuti n'za dziko liti.