Wolandirira ndalama za agogo akayamba kuzidya, tikanene kuti?

Sabata yatha ndinali kumudzi kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu, ndipo zimene ndinaona pakhomo lina zandisowetsa tulo. Pali gogo wina wachizimayi amene maso anachita khungu ndipo miyendo sikumulolanso kuyenda mtunda. Dzina lake lili m'kaundula wa Mtukula Pakhomo. Poti sangathe kukafika kumalo olandirira, mdzukulu wake ndiye amakamulandirira. Ndinawapeza agogowo dzuwa litapendeka asanalawe kanthu, atafunda chitenje chong'ambika. Nditafunsa za ndalama zija anayankha motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, ine ndimangomva kuti kwalandiridwa." Mdzukuluyo ndinamupeza pamsika, foni yatsopano ili kukhutu.

Anthu oyandikana nawo onse akudziwa, koma palibe amene wapita kukanena. Wina anandiuza kuti ndi za m'banja la eni. Wina anati mwinimbumba alipo, ndi ntchito yake. Kwathu kuno kwa chikamwini mwinimbumba ndiyedi amayang'anira alongo ake ndi ana awo, koma nanga iyeyo akakhala ku Joni, kapena akakhala kuti naye akudya nawo?

Kwathu munthu wokalamba, wodwala matenda a mu ubongo kapena wa ulumali waukulu amasiyidwa m'manja mwa wachibale. Wachibaleyo ndiye amasunga chiphaso chaunzika, kabuku kakuchipatala, foni yolandirira ndalama, ngakhale munda. Ambiri amagwira ntchitoyi mokhulupirika, ndipo ndi yolemetsa. Koma pamene wosunga zonsezi asanduka fisi, wozunzidwayo alibe miyendo yopitira kupolisi, ndipo amaopa kuti akalankhula amanidwa nsima. N'chifukwa chake dandaulo liyenera kuchokera kwa inu ndi ine.

Malamulo alipo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, a zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo chaka chomwecho kunabweranso lamulo latsopano la anthu aulumali. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silikamba za kumenya kokha. Kumana munthu ndalama kapena zinthu zimene ndi zake nakonso ndi nkhanza, ndipo bwalo la majisitireti likhoza kupereka chiletso choteteza wozunzidwayo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndipo lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Izi ndazitchula dala, chifukwa nthawi zambiri wofuna munda wa agogo amayamba ndi kuwanamizira ufiti. Tisaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana wina m'mudzimo.

Tsono mukaona zotere muyambire pati? Choyamba chezani ndi mwiniwakeyo pa awiri, wosamalirayo palibe, ndipo mumve chimene iye akufuna. Ukalamba suchotsa nzeru. Kenaka lembani m'kope tsiku, zimene mwaona ndi maso anu, ndi amene analipo. Nkhani ya "ndinamva kuti" imafera panjira, koma yokhala ndi masiku ndi mboni imayenda.

Ngati nkhani ndi ya ndalama za Mtukula Pakhomo, kauzeni a komiti ya ntchitoyi m'dera lanu, ndipo ngati sizikusintha pitani ku ofesi ya zosamalira anthu kuboma ku Chiradzulu. Kapempheni kuti wolandirirayo asinthidwe, paikidwe munthu amene agogowo amukhulupirira. Ngati ndi malire a munda kapena kusiyidwa opanda chakudya, anyakwawa ndi agulupu akhoza kuitanitsa banja lonse n'kugawa udindo pamaso pa anthu.

Koma pali zina zosayenera kuthera pabwalo la mfumu ndi chindapusa cha nkhuku. Munthu akamenyedwa, akagwiriridwa, akamangidwa unyolo pamtengo chifukwa cha matenda a mu ubongo, kapena akaopsezedwa kuti awotchedwa ngati mfiti, thamangirani kupolisi tsiku lomwelo. Funsani nthambi yothandiza ozunzidwa ija amati Victim Support Unit, ndipo mupite naye kuchipatala kuti adokotala alembe za mabala asanapole. Amene ali kutali ndi polisi akhoza kuimba pa 5600, nambala yaulere yonenera nkhanza imene amayendetsa a YONECO. Wodwala mu ubongo malo ake ndi kuchipatala, kumene akaona kufunika amamutumiza ku Zomba Mental. Chingwe sichichiza munthu.

Mukapereka dandaulo, funsani dzina la amene wakulandirani ndi tsiku loti mubwerenso, n'kulemba. Zikachitika kuti nkhani yangokhala m'kabati, kapena wina akukupemphani ya fanta kuti iyende, musagwe ulesi. Ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwa kuti izimva madandaulo okhudza ogwira ntchito m'boma amene sakuchita chilungamo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limafufuza za kuphwanyidwa kwa ufulu, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza ndi maloya anthu osowa. Onsewa ali ndi maofesi mumzinda wa Blantyre, ulendo woti mupita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo.

Ndikudziwa funso limene mukundifunsa mumtima. Mdzukuluyo akamangidwa, adzawatungira madzi agogowo ndani? Funsoli ndi lolemera, ndipo ndilo limatseka pakamwa anthu ambiri abwino. Yankho langa ndi lakuti kudandaula sikutanthauza kundende nthawi zonse. Nthawi zina kumathera pa kusintha wolandirira, kubweza zimene zinadyedwa, ndi kugawana masiku ophika pakati pa abale. Koma wopita kukanena ayambe waganiza kuti usiku umenewo agogowo agona kuti ndipo adya chiyani. Apa ndi pamene amvano, a dawa kumzikiti ndi magulu a banki m'khonde angalowepo. Mutu umodzi susenza denga.

Za gogo wa kwa Kadewere uja, ndinapita kwa anyakwawa pamodzi ndi amayi awiri oyandikana naye nyumba. Banja laitanidwa, ndipo tagwirizana kuti likakanika kukonza zinthu, ife atatu tikwera njinga kupita kuboma. Kodi m'mudzi mwanu mulibe khomo limene mumalidutsa mwakachetechete chonsecho mukudziwa zimene zikuchitika mkatimo? Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe, Mulungu akatisunga, tsiku lina chiphaso chathu chidzakhala m'thumba la munthu wina.

Tikumanenso sabata yamawa.